Makadi okhala ngati mawindo a tchalitchi: ndi osewera kapena ongoyang'ana?

Gologolo_Area25
Abale ndithandizeni maganizo. Alamu anga amene amagwira ntchito ya unamwino ku York ku England abwera kutchuthi ndipo andibweretsera paketi ya makadi. Si makadi wamba awa timagula pa okala ayi. Anajambula ndi munthu waluso, ndipo khadi lililonse lili ngati windo la tchalitchi chakale, lija la magalasi a mitundumitundu olumikizidwa ndi mizere yakuda. Mfumu ya mtima yavala mkanjo wa tizidutswa tofiira ndi tachikasu, kumbuyo kwa khadi kuli windo lozungulira ngati duwa. Nditatsegula kabokosi ndinangoti kukamwa yasa.

Vuto linabwera Loweruka madzulo. Tinakhala pakhonde anthu anayi, magetsi atathima, tayatsa kandulo. Masewera sanayende. Mtima ndi sipedi zimaoneka zofanana, chifukwa chofiira chake n'chodera kwambiri ndiye chadutsidwanso ndi mizere yakuda ija. Mnzanga wina anaponya 6 akuyesa 9, mkangano buu. Pamapeto pake tinabwerera ku paketi yathu yakale yonona ndi mafuta a tchipisi, yosowa 4 wa dayamondi, amene tinachita kulemba pa joka ndi bolopeni.

Ndiye funso langa: makadi otere amawapangira kusewera, kapena ndi ongoyang'ana? Alamu ndawauza kuti tikusewera bwinobwino, musandiulule.

Kabaza265
Ikani mu kabati ya mbale, pafupi ndi makapu aja a alendo amene sabwera.

Fulawa7
Vuto si makadi achimwene, vuto ndi kandulo. Mukufuna muone windo la tchalitchi usiku? Ngakhale ku York komweko, dzuwa likalowa mawindo aja amangokhala akuda bii mukakhala mkati.

Gologolo_Area25
Fulawa7, ndiye tizisewera 10 koloko m'mawa ngati anthu osowa chochita?

Kabaza265
Nanga ndinu ndani.

Mphunzitsi_Wopuma
Musanawaponye mu kabati, dziwani kuti alamu anu sanasankhe mwangozi. York ndi kwawo kwa magalasi amenewa. M'tchalitchi chachikulu cha York Minster muli windo la kum'mawa limene anapanga John Thornton wa ku Coventry kuyambira 1405 mpaka 1408, kukula kwake ngati bwalo la tenesi. Munthu wokhala mumzinda umenewo akafuna kutengera abale mphatso, maganizo amathamangira ku magalasi basi.

Koma chimene ndikufuna kunena n'chakuti makadi ndi mawindo amenewa ndi pachibale kuyambira kale, ngakhale wojambula wanuyo mwina sanaganizeko. Makadi anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370. Opanga makadi otchipa ankasema chithunzi pa thabwa, n'kudinda mizere yakuda papepala, kenaka n'kupaka utoto kudzera pa pepala lobowola. Zotsatira zake: mzere wakuda wonenepa, mkati mwake mtundu umodzi wosasakaniza. Tengani mfumu ya pa makadi anu a mafuta a tchipisi aja muiyang'anitsitse. Mkanjo wake si tizidutswa tofiira, tabuluu ndi tachikasu togawidwa ndi mizere yakuda? Ndi windo kale limenelo, kungoti maso athu anazolowera.

Chinanso, pa makadi a ku Paris mafumu ali ndi mayina olembedwa: David pa sipedi, Charles pa mtima, César pa dayamondi, Alexandre pa fulawa. Mfumu Davide yemweyo ali pa windo la tchalitchi cha Augsburg ku Germany, limodzi mwa mawindo akale kwambiri amene adakali pamalo pake, la cha m'ma 1100. Ndipo ku Chartres ku France kuli windo lathunthu lofotokoza nkhani ya Charlemagne, amene ambiri amati ndiye Charles wa pa mtima uja. Anthu ake ndi omwewo, ena ali pagalasi ena ali papepala.

Kanyimbi_wa_Ndirande
Aphunzitsi mwayambapo. Funso linali losewera kapena ayi, ife talandira silabasi.

Mphunzitsi_Wopuma
Kanyimbi, amene safuna kuwerenga ali ndi chala, apitirire pansi.

Dzungu_la_Leeds
Kungokonza pang'ono, aphunzitsi, kuti ena asapite kukauza anzawo pa bawo kuti mfumu ya sipedi iliyonse ndi Davide. Mayina aja ndi a makadi a ku Paris, si a makadi onse. Amene timasewera ife anachokera ku mtundu wa ku Rouen ku France kudzera ku England, ndipo alibe mayina. Mfumu yathu ya mtima ija yooneka ngati ikudzibaya m'mutu ndi lupanga si munthu aliyense, ndi zotsatira za okopera amene ankakopera zokopera kale mpaka chithunzi chinapotoka.

Mphunzitsi_Wopuma
Zoona, ndinanena kuti a ku Paris. Koma mwachita bwino kutsindika.

Wodula_Magalasi
Ine ndiyankhe za chofiira chija, chifukwa nditawerenga ndinaseka ndekha. Ndimadula magalasi a mawindo kuno ku Joni, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkathandiza madala ena okonza mawindo a matchalitchi akale. Vuto limene mwakumana nalo pakhondepo ndi lomwe opanga magalasi anakumana nalo zaka mazanamazana zapitazo.

Mtundu wa galasi sapaka pamwamba ngati penti ya khoma. Amauthira galasi likadali phala m'ng'anjo: cobalt amapereka buluu, manganese amapereka pepo, chitsulo chimapereka kubiriwira, kopa amapereka chofiira. Tsono chofiira cha kopa n'champhamvu moti galasi lonse likakhala lofiira kuyambira kuno mpaka kuseri, kuwala sikudutsa, limaoneka lakuda. Ndiye anzeru aja anapeza njira: amatenga galasi loyera n'kulikuta ndi kachikopa kopyapyala kofiira. Mukagwira chidutswa chake n'kuyang'ana m'mphepete mumaona bwino, mzere wofiira woonda ngati chikhadabo pamwamba pa galasi loyera. Tsiku loyamba madala aja anandipatsa chidutswa chotero nditayika patebulo ndinati ichi n'chakuda. Anati kweza. Nditakweza kuloza pakhomo, dzanja langa lonse linafiira ngati ndapha mbuzi.

Wojambula makadi anuwo anakopera chofiira cha galasi lili patebulo, osati lili pawindo.

Mizere yakuda ija pa windo lenileni si yokongoletsa. Ndi mtovu, wopangidwa ngati njanji yaing'ono yokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri, galasi limalowa uku ndi uku, pokumana mizere timawotcherera, kenaka timakanikizira pati, phala lija lomatira magalasi, m'mipata kuti mvula isalowe. Mzere uliwonse uli pamene uli chifukwa galasi silingadulidwe mwanjira ina. Simungadule ngodya yolowa mkati ngati ya pamwamba pa mtima osaswa galasi, mumayenera kugawa mtimawo pawiri. Ndiye ndikaona zojambula za pa kompyuta zoti ndi magalasi, ndimayamba kuyang'ana mizere. Ambiri amangomwaza ngati ukonde wa kangaude, tizidutswa tina tooneka ngati nyenyezi toti palibe munthu angadule. Gologolo, tajambulani 2 wa mtima tione ngati munthu wanuyo anagwirako chodulira.

Gologolo_Area25
Ndayang'ana. Mtima uliwonse wagawidwa pakati kuchokera pa ngodya ija mpaka pansi, kenaka mbali iliyonse yagawidwa katatu.

Wodula_Magalasi
Ameneyo akudziwa ntchito. Ndamuchotsera chipewa. Koma tizidutswa 6 pa kamtima kochepa ngati njere ya nyemba, mtovu wachuluka kuposa galasi. N'chifukwa chake mukuona sipedi.

MayiWaMvano
Pepani ndilowerere. Ine nkhani ya mitundu sindikuidziwa, koma mtima wanga sukukhazikika. Mawindo amenewa anapangidwira nyumba ya Mulungu. Lero tikuwatenga n'kuwaika m'manja mwa anthu otchova juga, akuwamenyetsa patebulo pali mabotolo, akutukwana. Bambo a ana anga anataya njinga pa juga, ndikudziwa chimene ndikunena. A Gologolo, pa makadipo pali oyera mtima kapena Ambuye Yesu?

Gologolo_Area25
Ayi amayi, palibe. Mafumu, mafumukazi ndi anyamata aja basi. Pa joka pali nkhandwe yavala chipewa. Komanso ife sitibetcha, woluza amagula zitumbuwa.

Kabaza265
Zitumbuwa ndi kubetcha komweko, kungoti kwa anthu osauka.

MayiWaMvano
Ngati palibe oyera mtima ndiye bola. Komabe maonekedwe akewo munthu ukangoona umakumbuka kutchalitchi.

Mphunzitsi_Wopuma
Amayi, nkhawa yanu ndi yakale ngati makadi omwewo. Zambiri zimene tikudziwa za kufika kwa makadi ku Ulaya tikuzidziwa chifukwa cha malamulo owaletsa. Koma mawindo aja nawonso sanali a angelo okhaokha. Ku Chartres, m'munsi mwa mawindo ambiri a zaka za m'ma 1200 muli anthu a ntchito zamanja: ophika buledi, opha nyama, osoka nsapato, otunga madzi, ngakhale osintha ndalama ali pa tebulo lawo. Msika unalowa m'tchalitchi kudzera pa galasi.

MayiWaMvano
Wophika buledi ndi wotchova juga si amodzi, aphunzitsi. Wina amadyetsa ana, wina amawalanda.

Mphunzitsi_Wopuma
Apo sindikutsutsani.

Che_Nyanja
Ndiwonjezere kuti magalasi a mitundu si a matchalitchi okha. Ku Shiraz ku Iran kuli mzikiti wa Nasir al-Mulk, womangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'mawa dzuwa likalowa pansi ponse pamakhala mitundu ngati mwayala zitenje. Mulibe nkhope ya munthu, ndi mizere ndi maluwa basi. Ndipo makadi amene anafika ku Ulaya aja anachokera kwa Amamluk, amene ankalamulira Egypt nthawi imeneyo. Paketi yawo ina ikusungidwa ku nyumba yosungira zakale ya Topkapı ku Istanbul, ndipo mafumu ake alibe nkhope, ndi zokongoletsa ndi malemba. Ndiye wojambula atafuna kupanga makadi a magalasi osakhumudwitsa amayi a Mvano, njira ilipo kale. Za juga zokhazo ine ndili mbali ya amayi, kwathunso n'zoletsedwa.

Kanyimbi_wa_Ndirande
Gulu lino lero lagwirizana mipingo chifukwa cha paketi ya makadi.

Wosindikiza_Limbe
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndinene za papepala, poti ndiyo ntchito yanga.

Khadi labwino si pepala limodzi. Ndi mapepala awiri omatidwa ndi guluu wakuda pakati. Mukang'amba khadi lakale mudzaona kamzere kakuda mkati. Ntchito ya kamzere kameneko ndi imodzi: kuletsa kuwala kudutsa, kuti mnzako wakhala moyang'ana nyali asaone zimene wagwira. Ndiye taganizani. Windo la magalasi moyo wake wonse ndi kuwala kodutsa. Khadi moyo wake wonse ndi kutchinga kuwala. Wojambula akufuna kuika chinthu chofuna dzuwa kumbuyo pa chinthu chimene anachipanga dala kuti dzuwa lisadutse. Mapanga awiri avumbwitsa.

N'chifukwa chake makadi amenewa amaoneka bwino kwambiri pa foni kuposa m'manja. Sikirini ya foni ili ndi nyali kumbuyo, ndi windo kale. Wojambula amajambula pa kompyuta, buluu akuwala ngati wa ku Chartres, amaika zithunzi pa Kickstarter, webusaiti yosonkhetsera ndalama, anthu amalipiriratu. Zikafika kwa ife osindikiza tili ndi inki zinayi zokha, ndipo pepala silitulutsa kuwala, limangobweza kumene lalandira. Buluu uja amazima, chofiira chimapita ku mtundu wa chiwindi. Makasitomala anga a makadi a ukwati timakangana nkhani yomweyi mwezi uliwonse: "koma pa foni sizimaoneka chonchi." Inde mayi, foni ndi nyali.

Odziwa ntchito amachita zinthu zingapo. Amasiya malo oyera ambiri kuzungulira mtundu kuti diso liganize kuti kuwala kukuchokera kumbuyo. Amapewa kuthira inki yakuda mu chofiira. Ena amaika zonyezimira pansi pa inki kuti khadi likapendekeka liziwala, koma zimenezo zimakweza mtengo ndipo nthawi zina makadi satereranso bwino posakaniza. Ndipo chachikulu, amasiya ngodya ya khadi pa mtendere. Khadi ndi mamilimita 63 m'lifupi, 88 m'litali, koma wosewera amaona kangodya kokha akawayala m'manja. Nambala ndi kachizindikiro ka pangodya zikhale zoyera, zosavuta, zopanda mtovu. Pakati pa khadi jambulani tchalitchi chonse ngati mukufuna.

Gologolo_Area25
Apa ndiye mwalasa. Pa anga nambala ya pangodya nayonso ndi ya tizidutswa, ndipo 6 ndi 9 zili mkati mwa kabwalo kofanana.

Wosindikiza_Limbe
Basi, mlandu watha. Chikomekome cha mkuyu.

Fulawa7
Koma inu mukuweruza ngati cholinga cha khadi lililonse ndi Knock ya pakhonde. Alipo anthu amagula mapaketi awiri, ina yotsegula ina yosunga ndi pulasitiki yake. Wojambula wotchuka Salvador Dalí anajambulapo makadi m'zaka za m'ma 1960, Sonia Delaunay nayenso. Mukuganiza kuti anthu amasewera nawo pa maliro? Wojambula wapeza njira yogulitsira zithunzi 54 m'kabokosi kolowa m'thumba, pa mtengo woti munthu wamba angakwanitse. Windo lenileni simungaligule, simungalinyamule. Ine ndikuona kuti ndi nzeru.

Wosindikiza_Limbe
Ndiye agulitse mapositikhadi. Ukalemba kuti makadi osewera, aseweredwe. Mpando wokongola woti sungakhalepo ndi nkhuni.

Fulawa7
Nanga mbale za pakhoma zija agogo anu anapachika, anadyerapo nsima?

Wosindikiza_Limbe
Agogo anga analibe khoma loti n'kupachikapo mbale.

Dzungu_la_Leeds
Nonse muli ndi mbali. Ku New York, ku nyumba yosungira zakale ya The Cloisters, kuli paketi ya makadi 52 ya cha m'ma 1475, yojambula pamanja, makadi ake ozungulira motalika ngati dzira. M'malo mwa mtima ndi sipedi muli zipangizo za ulenje: malipenga, makolala a agalu, zingwe zomangira agalu, ndi misampha ya zingwe. Ndi paketi yokhayo ya makadi wamba ya zaka za m'ma 1400 yodziwika kuti ilipo yathunthu, ndipo makadi ake sakuoneka kutha. Ndiye kuti mwini wake anachita zimene Kabaza akunena, anaika mu kabati. Amene ankaseweredwa tsiku ndi tsiku anatha ngati a Gologolo a tchipisi aja.

Komanso nambala za pangodya zimene a Wosindikiza akuziteteza ndi zatsopano, zinafala cha m'ma 1870. Kale munthu ankayala makadi onse n'kuwerenga timitima.

Wosindikiza_Limbe
Kale anthu ankapitanso ku Joni wapansi. Sindikubwerera.

Chiphadzuwa_cha_Chizumulu
Mukungotchula York ndi Chartres ngati kwathu kulibe. Bwerani ku Likoma muone tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903. Ine ndinakulira kuyang'ana magalasi amenewo nthawi ya ulaliki wautali. Ku Livingstonia nakonso kuli windo la David Livingstone ali ndi anzake, kumbuyo kukuoneka nyanja. Funso langa ndi lakuti bwanji wojambula wa kwathu osapanga paketi yakeyake? Buluu wa nyanja, chambo, ngalawa, mlamba. Mfumukazi itasenza mtsuko. Ine ndingagule.

Kabaza265
Joka akhale kondakitala wa minibasi.

Kanyimbi_wa_Ndirande
Ajoka amakhala awiri. Winayo akhale woitanira.

Wosindikiza_Limbe
Achemwali a ku Chizumulu, kujambula si vuto, achinyamata aluso alipo ambiri. Vuto ndi pepala lija la guluu wakuda ndi makina odulira ngodya mofanana makadi onse. Ine ndikhoza kukusindikizirani pa pepala lolimba la makadi a bizinesi, koma mukasakaniza kawiri ayamba kutupa m'mphepete, ndipo pa dzuwa mnzanu aziwerenga zimene mwagwira. Mafakitale enieni a makadi ndi ochepa padziko. Bicycle, mtundu wa makadi umene unayamba mu 1885 ku Cincinnati ku America, lero ili m'manja mwa Cartamundi ya ku Turnhout ku Belgium, anaigula mu 2019. Ojambula ambiri odziyimira paokha amatumiza zojambula zawo ku mafakitale otere kapena a ku China ndi Taiwan, ndipo amafuna uitanitse mapaketi ambiri nthawi imodzi. Ndiye uwerengere ndalama zakunja, kutumiza, msonkho. Paketi ikafika ku Limbe mtengo wake wapitirira thumba la ufa.

Mlamu_wa_Onse
Nkhani ya kutumiza musaiyambe. Ine ndinaitanitsa kabuku kuchokera kunja mwezi wa Febuluwale, kanafika ana atatsekera teremu yachiwiri, kabokosi kataphwanyika ngati anakhalira.

Kabaza265
Inu kanafika. Ine nsapato zanga zikadali m'njira chaka chachitatu, mwina zikubwera zikuyenda zokha.

Dzungu_la_Leeds
Njira yodalirika ndi sutikesi ya alamu, monga a Gologolo achitira.

Wotchova_Wakale
Ndibwezereni ku makadi. Amayi a Mvano musandithamangitse, ndinasiya zaka 11 zapitazo ndipo sindibwerera. Koma diso silinasiye. A Gologolo, mwati kumbuyo kuli windo lozungulira ngati duwa. Tengani makadi awiri, muwaike chafufumimba, limodzi mulitembenuze mutu pansi. Akufanana ndendende?

Gologolo_Area25
Dikirani.

Ayi! Sindinaone. Duwalo lili ndi masamba 12, onse abuluu ndi ofiira, koma limodzi la pamwamba ndi lachikasu. Ndikatembenuza, lachikasu limapita pansi.

Wotchova_Wakale
Ndinadziwa. Ojambula amakonda zimenezo, amati dzuwa likulowera pamenepo. Koma kwa munthu wa maso ngati anga akale, paketi imeneyo ndi munda. Ndisanagawe ndimangoonetsetsa kuti makadi akuluakulu tsamba lachikasu laloza kwa ine, ena onse laloza kwa inu. Kusakaniza kwa m'manja kuja sikutembenuza khadi, ndiye chizindikiro chimakhalabe. Mukatha usiku mukudabwa kuti mwana uyu ali ndi mankhwala. N'chifukwa chake makadi osewerera zenizeni kumbuyo kwake kumafanana ukatembenuza. Onani Bicycle, kamngelo ka pa njinga kali kumtunda ndi kumunsi komwe.

Chinanso, ngati mtundu wafika mpaka m'mphepete popanda mzere woyera, khadi likangokhulika pang'ono pamaoneka kadontho koyera. Masabata awiri, aliyense wadziwa kuti la kadontho pakona ndi A wa sipedi.

MayiWaMvano
Mwaona tsono zimene ndimanena. Bambo a kwathu njinga inapita chonchi.

Wotchova_Wakale
Mwina ndithu, amayi. Pepani m'malo mwa amene anaitenga.

Fulawa7
Chabwino, pa tsamba lachikasu ndagonja. Koma chimenecho ndi cholakwika cha wojambula mmodzi, si cha lingaliro lonse. Alipo makadi a pulasitiki yoonekera mkati, amene amasiya mbali zina kuwala kukudutsa n'kutchinga pokhapo pali nambala. Pamenepo ndiye galasi lingakhale galasi.

Wodula_Magalasi
Ndinawagwirapo otero. Ukakweza kumwamba amakongola, koma posewera sukweza khadi kumwamba, umalibisa pachifuwa. Ndipo akaunjikana patebulo mitundu imasakanikirana n'kukhala matope. Pa windo lenileni timapewa kusanjikiza magalasi ambiri pa chifukwa chomwecho.

Ine ndikanakhala wojambula ndikanatengera nzeru ina ya akale. Cha m'ma 1300 anatulukira kuti ukapaka mankhwala a siliva kuseri kwa galasi loyera n'kuliwotcha, pamenepo pamasanduka chikasu, kuyambira chotuwa ngati ndimu mpaka chodera ngati uchi. Zinawathandiza kujambula tsitsi kapena chisoti chachifumu popanda kudula chidutswa china ndi kuwonjezera mtovu. Mawindo ambiri a pambuyo pake ndi oyera kwambiri, mizere yochepa, chikasu apa ndi apo. Mtundu umenewo ndi umene ungakhale bwino pa khadi, chifukwa pepala loyera likugwira ntchito ya kuwala. Koma aliyense amathamangira buluu wodera wa ku Chartres, poti ndi amene amagulitsa pa foni.

Wosindikiza_Limbe
Akulu inu tikanakhala tauni imodzi tikanatsegula kampani.

Kanyimbi_wa_Ndirande
Funso la pambali kwa a Wodula. Ndinamva kuti magalasi a matchalitchi akale ndi onenepa m'munsi chifukwa galasi limayenderera pang'onopang'ono ngati phala. Zoona?

Wodula_Magalasi
Bodza limenelo, ngakhale limakoma kukamba. Galasi lakale ankachita kuuzira ndi pakamwa n'kulitambasula, ndiye silinkakhala lofanana kunenepa. Woika amasankha mbali yoti ikhale pansi. Pochotsa mawindo akale tinkapeza zidutswa zina mbali yonenepa ili m'mwamba kapena cham'mbali. Chimene chimafooka ndi mtovu, umatopa, windo limayamba kutupa ngati mimba, ndiye timalitsitsa n'kuika wina.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndinaphunzitsa bodza limenelo ku Fomu 2 zaka zambiri. Ana anga akale amene muli pagulu pano, fufutani.

Gologolo_Area25
Ndabwera ndi lipoti. Dzulo masana ndinayesa zonse. Ndinaika khadi pa tochi ya foni, palibe chodutsa, a Wosindikiza ananena zoona. Tinasewera panja pa mthunzi wa mango, mitundu inaoneka bwino ndithu, mtima unali mtima. Koma 6 ndi 9 anatipusitsabe kawiri, ndipo nditawauza anzanga za tsamba lachikasu aliyense anayamba kuyang'anitsitsa kumbuyo kwa makadi a mnzake m'malo mwa ake, masewera anasanduka ulonda.

Ndiye ndaganiza chonchi. Mafumu, mafumukazi ndi anyamata, onse 12, ndikawaika mu felemu. Otsalawo ndapatsa mwana wanga wamkazi, akumangira nyumba.

Vuto latsopano: alamu akubwera Lamlungu kudzatsanzika ndipo anena kuti akufuna tidzasewere.

Kabaza265
Auzeni magetsi athima.

Gologolo_Area25
Akubwera masana.

Wotchova_Wakale
Felemu idikire Lolemba. Sewerani nawo, koma mugawe ndinu.

MayiWaMvano
A Wotchova!

Chiphadzuwa_cha_Chizumulu
A Gologolo, nkhandwe ya chipewa ija ngati ilibe malo mu felemu, ndisungireni. Ndibwera ku Lilongwe mwezi wamawa.

Gologolo_Area25
Imodzi ndikusungirani. Inayo yalowa kale mu paketi yakale, 7 wa fulawa anasowa dzulo.